Miyala ya Ba Lombe

Ndine amene ndinachotsetsa ntchito Ba Lombe Chipasha, ndipo ndine amene ndinawatulutsitsa m'nyumba imene anakhalamo zaka makumi atatu. Ndayambira pamenepa dala kuti wina asadzanene kuti ndinabisa. Koma musanandiweruze imvani kaye mmene zinayendera, chifukwa nane ndinali ndi maso, ndipo zimene ndinaona ndinazionadi.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinali woyendetsa chikepe pa mgodi wa kopa wa m'tauni mwathu. Ndinkakhala m'kachipinda pamwamba, osawaona anthu amene ndikuwatsitsa, n'kuimitsa chikepe chodzaza amuna pa malo ake enieni, mamita chikwi pansi pa nthaka, popanda wina kupunthwa potuluka. Ntchito imeneyo inandiphunzitsa kudziwa mtunda, inandiphunzitsanso kusakhulupirira munthu. Belu likalira katatu ndinkadikira kaye, chifukwa wolizayo mwina anagona kumowa. Mkazi wanga, Bana Kunda, amati khalidweli ndinabwera nalo kunyumba, ndipo mpaka lero ndimanunkhiza mkaka umene iye wanunkhiza kale. Sakunama ayi.

Gofu ndinayamba ndili ndi zaka 38, bwalo la mgodi litasiya kukhala la azungu okha. Anthu osadziwa amaganiza kuti masewerawa ali pa kumenya koyamba kwa mphamvu kuja. Zimenezo n'za odzionetsera. Nkhani ili pa kumenya kofuna kuti mpira ukatere pa gilini, kapinga wometedwa bwino uja wozungulira dzenje. Ukaperewera, uli m'ngalande. Ukapitirira, uli m'tchire. Ndodo iliyonse ili ndi nambala yake ndi mtunda wake, nambala ikamatsika mpira umapita patali. Kuti munthu adziwe yoti atenge, m'mbali mwa njira yopita ku dzenje munkakhala mwala wopakidwa laimu, wosonyeza kuti kuchokera pamenepo kukafika pakati pa gilini ndi mayadi 150. Mpira ukakhala mapazi khumi kumbuyo kwa mwala, umatsitsa nambala imodzi. Masamu ake ndi omwewo basi.

Ine pa mwala ndinkatenga seveni. Ndinkatenga seveni ndili ndi zaka 40, ndinkatenga seveni ndili ndi zaka 55, ndipo ndili ndi zaka 69 ndinkatengabe seveni, mpira n'kukatera pakati pa gilini. Lachinayi lililonse madzulo ndinkaima pa mwala wa dzenje lachinayi, limene lili ndi ngalande kutsogolo kwenikweni kwa gilini, n'kumenya mipira khumi kuti dzanja lisaiwale. Ku bala ya kalabu aliyense ankaidziwa nkhani ya seveni yanga, chifukwa ndinkawakumbutsa ndekha. Mkamwini wanga Chishimba anaimva tsiku lomwe anabwera kudzafunsira mwana wanga.

Miyala imeneyo inali ya Ba Lombe. Anachokera ku Kawambwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, pa lole ya nsomba zouma, kudzafuna ntchito ya pansi ngati anzawo onse. Dokotala wa mgodi atamvetsera pachifuwa pawo anawabweza. Ndiye anakaima pa geti la bwalo la gofu m'gulu la onyamulira azungu matumba a ndodo, ndipo sanachokenso. Ananyamula matumba zaka khumi, kenako anapatsidwa makina ometera udzu, kenako makiyi a shedi, pomaliza nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa dzenje lomaliza. Ana awo awiri omaliza anabadwira m'nyumba imeneyo, ndipo akazi awo anamwalirira momwemo. Kuseri anabzalako mitengo inayi ya mapeyala, umodzi pa mwana aliyense. Nyumbayo inali ya kalabu, inkayenda ndi ntchito, ndipo kwawo ku Kawambwa analibe ngakhale khola la nkhuku.

Phazi lawo linali yadi imodzi ndendende. Amati ali wachinyamata anadzimanga chingwe m'miyendo n'kumayenda nacho mpaka miyendo inazolowera. Ngakhale popita ku tchalitchi ankayenda choncho, mutu uli pansi, milomo ikugwedera, moti amayi a ku msika ankati bamboyu amayenda akupemphera. Sankapemphera, ankawerenga. Manja awo anali ong'aluka ndi laimu, ndipo mowa sankaulawa n'komwe. Pamaso pathu sanagwirepo ndodo, ngakhale ena ankati m'mamawa kusanabwere munthu ankamenya bwino kuposa tonsefe. Chimene sindinkawakondera n'chakuti ankayang'ana kwambiri, osalankhula. Ukamenya mpira n'kucheuka, unkawapeza ataima patali ndi chidebe chawo, maso ali pa iwe. Munthu wotero ine ndimamukayikira.

Tinasemphana mawu kamodzi kokha, zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu nkhani iyi isanachitike, chaka chimene mgodi unagulitsidwa. Inali nthawi yoipa. Achinyamata anabalalika, mamembala tinatsika kuchoka pa mazana awiri kufika pa makumi atatu, ndipo theka la bwalo tinalisiya, anthu n'kulimamo mbatata. Loweruka zitatu zotsatizana mpira wanga unagunda m'mphepete mwa ngalande ya dzenje lachinayi n'kubwerera m'madzi. Ulendo wachitatuwo Ba Lombe, amene ankachotsa zinyalala m'ngalandemo, anauvuula, n'kuupukuta pa ovolosi yawo, n'kundipatsa ndi manja awiri, akunditchula ndi dzina la mwana wanga monga tichitira kuno, n'kuwonjezera mukwai, mawu awo aulemu.

"Bashi Kunda, mukanayesako sikisi, mukwai."

Ananena motsitsa mawu, koma Ba Muyunda anamva. Ba Muyunda anali wojambula mafupa pa chipatala cha mgodi, Mlozi pa mtundu, wamtali, woseka ndi mapewa, amene ndinkapikisana naye pa chilichonse kuyambira pa gofu mpaka pa kukula kwa tomato wa kudimba. Mapewa awo anayamba kugwedera, ine mutu unatentha.

"Ba Lombe, ntchito yanu ndi udzu," ndinatero. "Tsiku limene ndidzalephere kufika ndi seveni kuchokera pa mwala, thumba ili ndidzalipachika, simudzandionanso pano."

Anangoti chabwino, mukwai, n'kubwerera m'ngalande mwawo. Patapita milungu ingapo mipira yanga inayambanso kuwoloka, ndipo ndinauza aliyense kuti chinali chisanu chabe chimene chinandiumitsa msana.

Zaka zinapita. Tinatsala anthu makumi awiri ndi awiri, pafupifupi tonse a imvi. Achinyamata ochepa amene ankabwera ankayenda ndi timakina tawo tosuzumira toyezera mtunda, miyala sankaiyang'ana n'komwe. Wina wa iwo ananenapo kuti miyala yathu imanama, ife tinamuseka, n'kumuuza kuti miyalayo inaikidwa iye asanabadwe.

Chaka chimene ndikunenachi, mu Julaye, kalabu ina ya ku Ndola inatiitana ku tsiku la madoda. Ine sindikonda mabwalo a eni, ndipo panali patapita zaka zambiri ndisanasewere kwina, koma anzanga anandikakamiza. Kumeneko m'malo mwa miyala anazika mitengo yoyera. Ndinaima pa mtengo woyamba, ndinatenga seveni, ndinamenya bwino zedi, mpira n'kukagwa kutali ndi gilini, kutali kochititsa manyazi. Wachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lonse chimodzimodzi. Pa chakudya ndinauza mkulu wa kalabuyo kuti mitengo yawo ndi yabodza, iye anangomwetulira n'kundiwonjezera chikanda m'mbale. Chimene chinandidya mtima n'chakuti mipira ya Ba Muyunda inkafika. Nditayesa kusuzumira kuti akumenya ndi nambala yanji, anaphimba thumba lawo ndi thaulo. M'basi pobwerera anagona, kapena ananamizira kugona.

Lachinayi ndinapita pa mwala wanga. Mipira khumi, isanu ndi itatu inatera pa gilini. Mtima unakhala pansi pang'ono, koma osati kwenikweni. Ndinachotsa thumba langa m'shedi ya Ba Lombe n'kupita nalo kunyumba, ndinayeza ndodo iliyonse ndi tepi, mipira ndinaiika pa sikelo ya Bana Kunda yoyezera ufa wa makeke. Iye anandiyang'ana n'kufunsa ngati mipirayo ndikufuna aiphike. Sabata yomweyo chimfine chinandigwetsa, ndipo ndinagona milungu itatu osaponda ku bwalo.

Tsiku limene ndinabwerera, ndinapeza Ba Muyunda ndi Ba Lombe kuseri kwa shedi akulankhula motsitsa mawu. Ba Muyunda anali atanyamula jumbo, Ba Lombe n'kulandira. Atandiona anasiya nkhani yawo n'kuyamba kundifunsa za chimfine mwaulemu wopitirira muyeso. Kunali kutatsala milungu inayi kuti tisewere Chikho cha Madoda, chimene ndinali nditawalanda Ba Muyunda zaka zinayi zotsatizana. Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti pali kanthu.

Ndinayamba kulawirira. Ndinkasiya galimoto kumsewu, n'kukabisala kuseri kwa chulu chachikulu cha pa dzenje lachinayi, bambo wa zaka 69, wa zidzukulu zisanu ndi chimodzi, nditavala chijasi cha mkazi wanga. Tsiku loyamba palibe. Lachiwiri anangodutsa ndi makina. Lachitatu, dzuwa likungotuluka, anabwera ndi wilibala. Munali chitsulo chotukulira, khasu, chidebe cha laimu, ndi mchenga wakuda uja wa ku ng'anjo ya mgodi umene timakwirira maenje. Anatukula mwala, anaponda phazi limodzi kulowera ku gilini, anakumba, anaukhazika, dzenje lakale analikwirira ndi mchenga wakudawo n'kupondaponda, kenako anayamba kupaka laimu. Sanacheuke ngakhale kamodzi. Ankagwira ngati munthu amene ntchitoyo anaizolowera.

Ndinatuluka kuseri kwa chulu nditadzaza ndi ukali, ndiponso, ndinene zoona, ndi chimwemwe.

"Ba Lombe, mukutani?"

"Ndikukonza mwala, mukwai."

"Wakutumani ndani?"

"Palibe."

"Ba Muyunda akupatsani chiyani m'jumbo muja?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, burashi ikudontha. "Nsapato," anatero. Ndinayang'ana pansi, ndipo analidi atavala nsapato za jombo zachilendo.

Kwa ine nkhani inathera pamenepo. Wodziwa mtunda weniweni adzafika pa gilini, ine wosadziwa ndidzapitirira n'kukagwa m'tchire, chikho n'kupita kwa Mlozi. Masana omwewo ndinapita kwa Bana Mwelwa, mphunzitsi wamkulu wopuma amene anali kaputeni wa kalabu yathu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anavula magalasi, n'kundipempha kuti nkhaniyi tingoisiya, iwo akalankhula nawo Ba Lombe mwakachetechete. Mawu amenewo anangothira palafini pamoto. Ndinadziwa kuti nawonso ali momwemo. Ndinalemba kalata ku komiti, ina ndinatumiza ku bungwe loyang'anira gofu m'chigawo chathu, kuti pasapezeke woikwirira. Kenako ndinaitana Chishimba, amene ndi woyeza malo ku mgodi, kuti abwere ndi makina ake a miyendo itatu.

Anayeza miyala yonse isanu ndi iwiri. Palibe umene unali pa mayadi 150. Yonse inali pa 132, wina 131, ngati kuti munthu anaitchera ndi lula. Chishimba atandiwerengera, anandiyang'ana mwachilendo. Pamenepo kaganizo kena kanandifikira, chifukwa munthu wa mitunda ngati ine sakanalephera kuona chimene nambala imeneyo ingatanthauze. Koma ndinakakankhira kutali msangamsanga. Ndinagona milungu itatu, si choncho? Phazi limodzi m'mawa uliwonse kuti anthu asazindikire, masiku khumi ndi asanu ndi atatu, masamu akwana. Za ku Ndola ndinali nditaziika kale pa mphepo ndi mitengo yawo yabodza.

Mlandu unakambidwa Loweruka masana mu bala, mamembala onse alipo, ndi akazi athu amene anabwera kudzakonzekera za chikho. Ba Lombe anaima pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja. M'zaka makumi anayi ndi zinayi sanakhalepo pa mpando m'chipinda chimenecho, ndipo tsikulo anakananso. Chishimba anawerenga manambala ake mothamanga, maso ali pa pepala. Bana Mwelwa anafunsa Ba Lombe ngati anasunthadi miyala, iwo anavomera. Anafunsa ngati alipo anawatuma, anati palibe. Anafunsa chifukwa chake. Ba Lombe anandiyang'ana ine, anayang'ana Bana Kunda, anayang'ana pansi.

"Ndilibe chonena, mukwai."

Madoda onse maso anali m'matambula awo. Ba Muyunda anaimirira, anakonza kukhosi, n'kuyamba kuti anzanga, nkhani iyi ili ndi mbali ina. Ndinaona Ba Lombe akuwapukusira mutu pang'ono chabe, ndipo Ba Muyunda anakhala pansi osamaliza. Ndinamenya tebulo n'kufunsa ngati onse aona zimenezo, kuti anthu awiriwa akupanganabe ngakhale pamaso pathu. Popeza kalata inali itafika kale ku chigawo, komiti inalibe pothawira. Anagamula kuti Ba Lombe apume pa ntchito kumapeto kwa Okutobala. Za nyumba palibe anazitchula, chifukwa aliyense ankadziwa.

Tsiku losamuka ndinaliona ndili pa dzenje lomaliza. Katundu wa zaka makumi atatu sanadzaze ngakhale theka la kalole. Mapeyala anali asanakhwime, anawasiya m'mitengo. Anapereka makiyi kwa Bana Mwelwa, chidebe cha laimu anachitsuka n'kuchivundikira pakhomo pa shedi. Podutsa pamene ndinaima anavula chipewa n'kunena kuti tsalani bwino, Bashi Kunda. Ndinafufuza pankhope pawo kuti ndione ngati akundinyoza, koma sindinapeze kanthu, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa.

M'malo mwa miyala anazika zipilala za simenti pa mayadi 150 enieni, Chishimba ataimirira pomwepo. Loweruka loyamba ndinaima pa chipilala cha dzenje lachinayi, ndinatenga seveni, ndinamenya pakati penipeni. Mpira sunafike ngakhale m'ngalande. Unagwa kutsogolo kwake, n'kudumpha kawiri, n'kugudubuzikira m'madzi mwaulemu. Ndinati ndi chimfine chija. Mwezi wotsatira ndinati womanga zipilala anazisuntha Chishimba atachoka. Kenako ndinakayikira makina a Chishimba, ndipo ndinamufunsa pa chakudya cha Khirisimasi kuti anawapimitsa liti, mwana wanga n'kusiya kundilankhula mpaka chaka chatsopano. Ndinagula mipira ina. Ndinadandaula kuti wometa udzu watsopano akusiya udzu wautali. Chaka chonsecho sindinawoloke ngalande ija ndi seveni ngakhale kamodzi, ndipo sikisi sindinaikhudze. Madoda anayi anasiya kubwera, wina ati bondo, wina ati petulo wadula. Lachinayi ndinasiya kupita, chifukwa panalibe wotola mipira, ndipo kuivuula ndekha m'matope anthu akuona kunkandichititsa manyazi.

Mu Ogasiti moto wolusa unadutsa m'mbali mwa dzenje lachinayi n'kusesa udzu wonse wautali. Loweruka lotsatira mpira wanga unapatukira komweko. Ndikuufunafuna m'phulusa, ndinaona chigamba chakuda chozungulira patsogolo pa chipilala, pamene udzu sunamere bwino. Kutsogolo kwake china. Kutsogolo china. Zinandanda mzere umodzi kulowera ku gilini, motalikirana phazi limodzi, mpaka pamene ndinawagwira Ba Lombe tsiku lija. Unali mchenga wa ku ng'anjo. Ndinayenda ndikuwerenga, ndipo pamodzi ndi chimene chinali pansi pa chipilala chenichenicho zinakwana khumi ndi zisanu ndi zitatu.

Mtima unayamba kunena kuti waona, masiku khumi ndi asanu ndi atatu aja ndi amenewa. Koma zigamba za kufupi ndi gilini zinali zakuda bii, pamene za kufupi ndi chipilala zinali zotuwa, zolowa pansi, zosakanikirana ndi dothi. Pa chachitatu panali chitsa cha gwafa chonenepa ngati mkono wanga, chomera pakati penipeni pa mchengawo. Gwafa sakula choncho m'milungu itatu, ngakhale m'chaka chimodzi. Ndinakhala pansi m'phulusa momwemo ndi buluku langa loyera, n'kuwerenga zaka chobwerera m'mbuyo. Ndinafika pa chaka chimene mgodi unagulitsidwa.

Ndinatenga sabata yathunthu ndisanalimbe mtima. Ndinawapeza ku komboni, kwa mwana wawo wamkazi, m'nyumba ya zipinda ziwiri yokhalamo anthu asanu ndi atatu. Pakhomo anali atabzala kapinga malo okwana mphasa imodzi, ndipo ndinawapeza atagwada akumudula ndi sizasi. Anali ataonda. Anandipatsa mpando wawo, iwo anakhala pa njerwa, mwana wawo anabweretsa munkoyo m'makapu n'kuuika pansi osandiyang'ana. Tinafunsana za moyo, za mvula, za zidzukulu, mpaka zofunsa zinatha.

"Ndawerenga maenje aja," ndinatero.

"Mwapeza angati?"

"Khumi ndi asanu ndi atatu."

"Chaka chino akanakwana khumi ndi asanu ndi anayi."

Ndinafunsa kuti ankadziwa bwanji kuti asunthe phazi limodzi. Anandikumbutsa kuti mipira yanga ya Lachinayi ankatola ndi iwo. Mwa khumiyo ankachotsa umene wapita patali koposa ndi umene waperewera koposa, yotsalayo ankaiwerengera mapazi kuchokera pa mwala, n'kusunga m'mutu. Chaka chikamatha ankadziwa mtunda weniweni wa seveni yanga, osati umene ndinkaukumbukira ine. Anati anthu ambiri amakumbukira mpira umodzi wabwino umene anamenya kalekale, n'kumasankha ndodo ngati adzaumenyanso lero. Ankayezera ine chifukwa dzanja langa linali losasinthasintha, linkangofupika yadi imodzi pa chaka, ndipo madoda enawo ankafupika mofanana nane. Miyala ina isanu ndi umodzi ankaisuntha kuti igwirizane ndi wa dzenje lachinayi, ndingazindikire.

"Munanena kuti mudzapachika thumba," anatero. "Inu mumachita zimene mwanena. Mukanapita inu, akanapita atatu okwera galimoto yanu, ndipo nthawi imeneyo komiti inkati tikatsika kwambiri bwalo litsekedwa. Ndinkasunga nyumba yanga, mukwai. Musandione ngati mngelo."

"Nanga bwanji simunanene tsiku la mlandu? Mawu awiri okha, nyumba mukanakhala nayo."

Anatola kaudzu pa bondo lawo n'kukataya. "Pamaso pa Bana Kunda? Pamaso pa mkamwini wanu? Ndinene kuti bambo awa akhala zaka zonsezi akudzitama ndi mayadi amene ndinkawaikira ine ndi wilibala?"

Ndakhalapo ndi manyazi m'moyo mwanga, koma osati ngati amenewo. Komabe khalidwe silichoka tsiku limodzi, ndipo ndinapezeka ndikufunsa ngati Ba Muyunda ankadziwa. Anati ndikafunse eni ake. Nanga nsapato zija? Anati zinali nsapato basi, zakale za mwana wa Ba Muyunda, chifukwa zawo zinali zitabooka. Anaseka pang'ono, koyamba kuwaona akuseka m'zaka zonsezo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankaseka nsapatozo kapena ine.

Ndinawauza kuti ndipita ku komiti kukaulula zonse kuti abwerere. Anapukusa mutu monga anawapukusira Ba Muyunda tsiku lija. Anati m'nyumbamo muli kale banja la mwana wakhanda, ndipo sangakhale chifukwa chotulutsira munthu wina panja. Pondiperekeza ku galimoto ankayenda mutu uli pansi, milomo ikugwedera. Nditatsegula chitseko anati, "Pa chipilala chija, Bashi Kunda, sikisi yakuperewerani kale. Tengani faifi."

Ku komiti ndinapitabe. Ndinaima pamalo pomwe ndinamenya tebulo paja n'kunena zonse, za gwafa, za mipira khumi, za seveni yanga. Ndinkayembekeza kuti anthu adabwa. Palibe anadabwa. Madoda anayang'ana m'matambula awo monga tsiku lija, ndipo pamenepo ndinayamba kukayikira kuti mwina m'chipinda chonsecho wosadziwa ndinali ine ndekha, kuti aliyense anazindikira pa nthawi yake n'kusankha kukhala chete, popeza miyalayo inkamukomera nayenso. Ndawafunsa mmodzimmodzi, onse amakana. Sindiwakhulupirira. Komiti inalembera Ba Lombe kalata yothokoza, ya sitampu, yosainidwa ndi Bana Mwelwa. Ndinaipereka ndekha, iwo anaipinda kanayi n'kuiika m'Baibulo osaiwerenga.

Loweruka lotsatira mpira wanga unaima pafupi ndi chipilala cha dzenje lachinayi. Dzanja linapita lokha pa seveni. Ndinalibweza, ndinasolola faifi, ndinamenya. Mpira unawoloka ngalande n'kukatera pakati pa gilini, ndipo sindinamve kukoma kulikonse. Ba Muyunda anafunsa, monga akhala akufunsira zaka makumi atatu, kuti ndamenya ndi nambala yanji.

"Faifi," ndinatero, mokweza kuti ndi a kumbuyo amve.

Mapewa awo sanagwedere. Anachotsa thaulo pa thumba lawo, analipinda n'kuliika m'thumba la buluku, nawonso anasolola faifi.

Tikadali khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo bwalo silinatsekedwe. Loweruka lililonse pomaliza masewera timadutsa kuseri kwa nyumba ija. Pa zenera pali makatani ena, pa chingwe pali matewera. Mapeyala abereka kwambiri chaka chino, ndipo akuthyola ndi ena.